Agogo a ku Geti Lobiriwira

Wolakwa ndi mkamwini. Tisazungulire ayi. Mwamuna wandevu zake, wodya m'nyumba ya mayi wamasiye, wogona pa matiresi a mayi wamasiye, anatenga adzukulu awiri a mayiyo, kuwasambitsa, kuwadzoza mafuta, kuwakweza basi, n'kukawakhazika pa sofa ya chibwenzi cha malemu. Pobwera ana ali ndi nyenyeswa za mabisiketi kukamwa, iye n'kunena opanda manyazi kuti limenelo linali phunziro la mbiri yakale.

Ndipo kuchokera tsiku limenelo kamdzukulu kakakazi kanayamba kumutchula mkazi ujayo kuti agogo.

Zinayamba kampani ya mkamwiniyo itatseka. Munthu wina ntchito ikatha amavala jekete n'kukafuna ina. Uyu ayi. Anagona chagada pa sofa foni ili pamphuno mpaka sofayo inachita dzenje, ndipo tsiku lina anadzambatuka ngati walumidwa ndi linthumbu n'kulengeza kuti sukulu imapha nzeru za ana. Akuti anawerenga. Akuti anthu ozindikira masiku ano amaphunzitsa okha ana awo pakhomo. Mkazi wake, mwana wa mayi wamasiyeyo, ndi namwino, ndipo amafika kunyumba miyendo itatupa, maso ali psuu. Anangoti, "Chitani zimene mukuona, bambo a ana, ine ndigoneko." Kuyambira pomwepo mayiyo anamupatsa mkamwini dzina loti Pulofesa, ndipo iye, posadziwa kuti akutukwanidwa, ankavomera ndi mano onse.

Mayiyo sukulu anailekezera kalasi yachisanu, ndipo anatuluka akulira. Ndiye kuona ana ansapato zawo akutulutsidwa m'kalasi mwadala kunkamuwawa ngati dzino. Koma anatseka pakamwa. Nyumba ndi yake, inde, koma ana ali ndi eni.

Masamu anamuthera nyemba. Sayansi inamuthera sopo. Koma chimene Pulofesa ankachikonda kuposa mkazi wake chinali mbiri yakale.

"Mbiri sitiwerenga, amayi," ankatero, chala m'mwamba. "Mbiri timaigwira ndi manja. Timainunkhiza."

Anainunkhizadi. Anapita ndi ana kusiteshoni yakale kukakwera chisitima chakufa, n'kubwerako akuda girisi mpaka m'makutu, wochapa mayi yemweyo. Anaswa mphika wake wa maluwa, kukwirira zidutswa kuseri kwa nyumba, kuti ana azikumba ndi masupuni ake ngati akatswiri ofukula zakale. Anatenga nsomba yabwinobwino yogulira ndiwo, kuithira mchere, kuikulunga ndi mabandeji a namwino, akuti umo ndi mmene mafumu a m'chipululu ankaikidwira m'manda. Mfumuyo inafukulidwa ndi mphaka wa aneba tsiku lachiwiri. Kamnyamata, kamene aliyense amakatchula kuti Jenerale, kanayenda sabata yonse katavala poto wa tiyi kumutu, kakumenya nkhondo ndi mipando.

Kenako anamasula chingwe choyanikira zovala. Anachimanga m'balaza kuchokera pa msomali wa wotchi mpaka pa chitsulo cha katani, n'kutenga mapegi onse. Akuti chimenecho ndi chingwe cha nthawi: uku kalekale, uko lero, pakati azipachika zithunzi. Mayiyo anayamba kuyanika malaya ake amkati pa mpanda, anthu odutsa akuona, kwinaku nthawi itapachikidwa m'balaza.

Zonsezi anapirira. Munthu amene anakhala ndi dalaivala wa basi moyo wake wonse sadabwa ndi fumbi.

Ndiye linafika tsiku limene Pulofesa anatopa ndi mafumu akutali. Anati ana aphunzire mbiri ya magazi awo, moyo wa agogo awo aamuna. Anabwera kukhitchini ndi ana kumbuyo kwake, foni ataiimika ngati mtolankhani.

"Amayi, tiuzeni za malemu. Anali munthu wotani?"

Mayiyo anali akudula kabichi. Sanatembenuke.

"Anabadwa. Anayendetsa basi. Anafa. Chotsani chifonicho pamaso panga."

"Agogo, basi zokhazo?" anafunsa mtsikanayo. Ameneyu dzina lake la pakhomo ndi Mafunso, ndipo analigwirira ntchito dzinalo. Ndi amene mayiyo anamubereka kumbuyo kuyambira ali khanda mayi ake ali kuchipatala, amene amagona naye chipinda chimodzi, amene amamupaka mankhwala m'mawondo.

"Zokhazo. Pitani mukasewere."

Mayiyo mukamufunsa lero amavomera kuti pamenepo mpeni unadula chala chake chomwe. Koma amavomera mokalipa, ndiye musamufunse kawiri.

Atakanidwa pakhomo, Pulofesa anatenga kalasi yake kupita kudepoti ya mabasi. Kumeneko anapeza mkulu wina amene kale anali kondakitala wa malemu, pano ndi mlonda wa pageti, mano atatsala owerengeka koma lilime lonse lilipo. Mkuluyo atamva kuti awa ndi adzukulu a Mabuleki, pakuti ndilo dzina limene malemu ankadziwika nalo kuntchito, anaseka mpaka kutsokomola.

"Mabuleki! Kuno tinkangoona msana wake. Mukafuna kumudziwa bwino pitani kuseri kwa msika, nyumba ya geti lobiriwira. Basi ija inkakhota yokha pamenepo, ngakhale dalaivala atagona."

Mwana wa zaka zisanu akanamva fungo la nkhani imeneyo. Pulofesa, wonunkhiza mbiri, sanamve kanthu. Anathokoza n'kufunsa njira.

Anabwerako dzuwa litapendeka. Mayiyo anali akusita yunifolomu ya namwino. Mafunso analowa akudumpha.

"Agogo! Mumadziwa kuti agogo aamuna ankavina?"

"Ankavina kuti?"

"Ankavina chonchi!" Mwanayo anaika dzanja limodzi pamimba, lina m'mwamba, n'kuyamba kuzungulira akugwedeza matako. "Ndiponso ankaimba! Ankaphika mazira atavala epuloni ya maluwa! Atiuza agogo a ku geti lobiriwira."

Simbi inakhala pa kolala ya yunifolomu mpaka utsi unatuluka.

"Wati agogo a kuti?"

"A ku geti lobiriwira. Ali ndi tsitsi lambiri, lina lili pamutu, lina lili pa misomali kukhoma. Atipatsa mabisiketi okhala ndi kirimu pakati."

Mayiyo ankamudziwa. Ndani sankamudziwa Wamawigi? Zaka zonse zija malemu akuti basi yafera panjira, basi yagona kudepoti, basi yachedwa ndi mvula, basiyo inkafera pa geti limodzi lomwelo. Mwamuna amene pakhomo pake ankadya atayang'ana kukhoma, amene sanawiritsepo ngakhale madzi, amene nyimbo ikalira pa wailesi ankati tsekani phokosolo, kumeneko ankavala epuloni ya maluwa.

Mayiyo anazimitsa simbi, n'kuitana mwaulemu woopsa.

"A Pulofesa. Tabwerani."

Anabwera akupukuta magalasi.

"Ana anga mwapita nawo kuti?"

"Amayi, ndinazindikira titakhala kale pansi. Kutuluka kukanakhala mwano. Komanso, kunena zoona, wofufuza mbiri sasankha mboni."

"Mboni? Kunali mlandu?"

"Ayi, ndikutanthauza munthu amene anaona ndi maso."

"Anaona zambiri ameneyo. Munamufunsa zonse? Anakuonetsani ndi chipinda chomwe, kuti ana agwire ndi manja?"

"Amayi, ana akumva."

"Lero mwadziwa kuti ana amamva!"

Namwino atabwera anapeza kolala yopserera ndi nyumba yozizira. Anamvetsera, anatukwana mwamuna wake pang'ono, kenako anati, "Amayi, munthuyo anapita kale. Musadzipweteke mtima ndi mafupa." Anagona asanavule nsapato.

Mafupa. Zikanakhala za mafupa mayiyo akanaseka. Malemu anali atamutaya kalekale asanafe, ndipo sankamulira. Chimene chinkamudya chinali chamoyo, chogona naye chipinda chimodzi.

M'mawa mwake mayiyo anaima pansi pa chingwe cha nthawi n'kuyang'ana m'mwamba. Moyo wa malemu unali utapachikidwa wonse. Iye anadzipeza pa mapegi awiri: chithunzi cha ukwati, ali kamtsikana kowonda kamantha, ndi chithunzi cha maliro, ali chimayi chotupa maso. Pakati ponsepo panali basi, basi ina, kenako zojambula za Mafunso za chekeni: mkazi wa chitsitsi ngati mtengo wa mango akuvina ndi mwamuna wa chipewa, mkazi yemweyo akudya mazira, mkazi yemweyo akuseka. Munthu wobwera akanati mayi wamasiyeyo anakwatiwa, n'kupita kokagula mchere, n'kubwerako tsiku la maliro.

Ndipo mwanayo sanaleke. Agogo enawo akuti agogo aamuna ankaopa achule. Agogo enawo ali ndi galasi lalitali mpaka pansi. Agogo enawo amanunkhira. Tsiku lina pofuna kusiyanitsa, popanda choipa chilichonse mumtima, anaitana kuchokera kubafa:

"Agogo akuno! Sopo watha!"

Agogo akuno. Ngati sitolo yokhala ndi nthambi. Mayiyo anakhala pa mpando wa kukhitchini, manja pa mawondo, ndipo kwa nthawi yoyamba chimwalirire malemu anamva misozi ikubwera. Anaibweza. Analibe nthawi yake.

Amene anaulula zotsatira ndi Jenerale, pogulitsa chinsinsi ndi supuni ya shuga. Loweruka kudzakhala chionetsero. Adadi aitana makolo anzawo ophunzitsa ana pakhomo kuti adzaone chingwe. Ndipo Mafunso waitana mlendo wapadera, adzabwera ndi chipewa chenicheni cha agogo aamuna.

"Adadi ako avomera?"

"Akuti mbiri ilibe mpanda."

Mayiyo anaganiza za madzi otentha. Anaganiza za mwamuna wa aneba amene ali ndi galu wosamva. Anaganiza zotseka geti ndi loko n'kumeza kiyi. Koma zonsezo zikanangomusandutsa agogo akuno ankhanza, enawo n'kukhala agogo ozunzidwa onunkhira. Anapita kuchipinda chosungira katundu, n'kuyamba kusuntha makatoni. Zimene ankafuna zinali pansi penipeni, pamene anaziponya tsiku lobwera kumanda.

Loweruka masana balaza linadzaza. Kunabwera mayi wina amene ana ake saloledwa shuga, anawo maso ali pa mbale ya mabisiketi ngati akaidi. Kunabwera bambo wina wa kabudula ndi ana ake amapasa amene akuti amaphunzira polima. Pulofesa anavala tayi. Namwino anali kuntchito, mwamwayi wake.

Wamawigi anafika mochedwa, kuti aonedwe. Fungo linalowa poyamba, mwini wake pambuyo. Nsapato zazitali, zikhadabo zofiira, wigi yofiirira yogwera m'mapewa, nkhope yopakidwa mpaka makwinya anangotsala ngati mphekesera. Msinkhu ndi womwewo wa mayi wamasiyeyo, mwina kuposa, koma ankayenda ngati zaka anazisiya m'takisi.

"Zikomo kuno! Odi, mayi," anatero, akumwetulira chapamwamba.

"Lowani. Njira ya kwa mwamuna wanga simunaisocherepo."

Alendo anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala za pachibale.

Mafunso anafotokoza chingwe bwino lomwe, kuyambira uku mpaka uko, ndipo mayiyo ngakhale anali ndi moto m'chifuwa anaona kuti mwanayo mutu ulimo. Kenako Wamawigi anatulutsa chipewa cha udalaivala m'chikwama, ana onse anachigwira, anachinunkhiza, Jenerale anachivala pamwamba pa poto. Wamawigi anasimba za achule. Anasimba za mazira. Pomaliza anaimirira n'kuonetsa kavinidwe ka malemu, dzanja pamimba, lina m'mwamba, ndipo balaza lonse linaomba m'manja.

"Mwaona?" anatero Pulofesa, nkhope ikuwala. "Mbiri yamoyo!"

"Sinathe," anatero mayi wamasiyeyo.

Anatuluka, n'kubwera akukoka matiresi aang'ono okutidwa ndi pulasitiki. Anawagwetsa pakati pa balaza, fumbi n'kuti bu. Anabwereranso. Beseni lachitsulo. Thaulo lothetheka. Mbale ya phala lozizira ndi supuni. Botolo lapulasitiki lodulidwa kukamwa, limene aliyense wamkulu analizindikira ntchito yake n'kuyang'ana kumbali.

"A Pulofesa, gonani apa."

"Amayi, pa pulogalamu palibe..."

"Mbiri timaigwira ndi manja. Gonani."

"Gonani, gonani!" anakuwa ana. Bambo wa kabudula anaomba m'manja, akuti njira imeneyi sanaionepo, adzakaiyesa kwawo. Pulofesa anayang'ana uku ndi uku, anaona kuti nzeru zake zomwe zamutsekera pakhomo, n'kugona chagada ndi tayi yake.

Mayiyo anamumanga dzanja lamanja pathupi ndi nsalu, mwendo wamanja anaukulunga ndi lamba wa malemu.

"Ana inu, awa ndi agogo anu aamuna. Mbali iyi yafa. Sayenda, sadzidyetsa, sadzipukuta. Kukamwa kwapita uku. Pindani kukamwa, a Pulofesa. Kwambiri. Eya. Mawu onse anathawa, anatsala amodzi okha. Mukudziwa ati?"

"Ati, agogo?"

"Choka."

Ana anagwa ndi kuseka.

"Ukawasambitsa, choka. Ukawadyetsa, choka. Abusa atabwera kudzapemphera, choka. Tayesani, a Pulofesa."

"Choka," anatero Pulofesa chapansipansi.

"Malemu anali ndi mphamvu kuposa pamenepo. Ankayendetsa basi."

"Choka!"

"Mwakhoza. Tsono mbiri imafuna malo, si choncho? Matendawa sanawagwere muno ayi. Anawagwera akuvina. Kuseri kwa msika." Sanayang'ane kwa Wamawigi, koma balaza lonse linayang'ana. "Ine ndinali panja apo ndikuchapa. Ndinangomva hutala. Takisi. Dalaivala ndi mnzake anatsitsa munthu atakulungidwa m'nsalu ya pabedi ya maluwa, nsapato imodzi, n'kumukhazika pakhonde ngati thumba la makala. Kumbuyo kwa takisi galasi linatsika pang'ono, pongokwanira milomo. Milomoyo inati, mayi, abambo adwala. Galasi linakwera. Takisi inapita."

Mayi wodana ndi shuga anatenga bisiketi osadziwa n'kuiika m'kamwa.

"Nsaluyo ndinachapa, ili m'kabati. Mwini wake akaifuna anene."

Wamawigi anayang'ana zikhadabo zake.

"Tiyeni ku ntchito. Mafunso, tenga supuni. Uwadyetse. Pang'onopang'ono, chifukwa akatsamwa afa, ndipo abale awo adzati wawapha ndiwe. A Pulofesa, theka muzimeza, theka muzibweza. Mbali yakufayo siigwira chakudya."

Phala linatsikira m'ndevu, kulowa m'kolala, kutsata tayi. Mafunso ankapukuta ndi thaulo, lilime lili panja ndi khama.

"Choka," anatero Pulofesa, ndipo ulendo uno zinkachokera mumtima.

"Jenerale, gwira botolo. Usaope, lero ndi louma. Nthawi imeneyo silinkauma. Amapasa inu, bwerani kuno. Munthu wogona malo amodzi amaola msana, ndiye timamutembenuza. M'mawa, masana, madzulo, ndi pakati pa tulo pomwe. Kankhani. Musakoke dzanja lakufalo, lingaguluke. Kankhani ndi mawondo!"

Ana anayi anakankha. Pulofesa anagubuduka n'kugwa chafufumimba, mphuno pa pulasitiki.

"Akununkha fungo lanji matiresiwo, a Pulofesa? Nunkhizani. Imeneyo ndiye mbiri. Ndinachapa ndi sopo yense wa m'sitolo, sinachoke."

Anasiya ana apume. Kuseka kunali kutachepa tsopano. Mafunso anali atagwada pambali pa matiresi, supuni ili m'manja, akuyang'ana agogo ake ngati akuwaona koyamba.

"Mpaka liti, agogo?"

"Iwe unabadwa ali pamenepa. Unayamba kukwawa ali pamenepa. Unkawakwera pamimba iwo akuti choka. Anapita iwe utayamba kuthamanga. Kumbuyo ndinabereka iwe, kutsogolo nditanyamula iwo." Anapukuta manja pa chitenje. "Chatsala chimodzi. Kuwachotsa apa kuwaika pa mpando, kuti tiyale pouma. Ine ndinkanyamula ndekha, msana uwu. Koma lero tili ndi mwayi. Tili ndi mboni."

Anatembenuka.

"Mayi, gwirani miyendo."

"Ine?" Wamawigi anaseka kaseko kouma. "Ayi, ine ndangobwera ngati mlendo. Komanso zikhadabozi n'zomata."

"Munagwira mbali yovina. Gwiraniko mbali iyi, ana aone zonse."

"Gwirani! Gwirani!" anayamba Jenerale, akumenya poto wa kumutu ndi supuni, ndipo ana onse analowa m'nyimbo. Bambo wa kabudula anati n'zofunika kuti aliyense atengepo mbali. Wamawigi anaona kuti khomo lili kutali, anavula nsapato zazitali zija, n'kutsika msinkhu mpaka kufanana ndi aliyense. Anawerama, mawondo akulira ngati chitseko, n'kugwira akakolo a Pulofesa ndi nsonga za zala.

Mayi wamasiyeyo analowetsa manja m'khwapa mwa mkamwini wake, zimene sanaganizepo kuti adzachita pamoyo wake.

"Musadzithandize, a Pulofesa. Lemerani. Malemu sankathandiza. Tiyeni, mayi. Kwezani!"

Anakwera. Munthu wodya zaulere amalemera, ndipo uyu anali atadya kwa nthawi yaitali. Mbali ya kumutu inakwera bwinobwino, pakuti manja amenewo ankaidziwa ntchito. Mbali ya kumiyendo inanjenjemera, inapendama, chikhadabo chimodzi chinathethekera kudenga, wigi inatsetsereka n'kutseka maso a mwini wake. Wamawigi anasiya miyendo kuti agwire tsitsi. Pulofesa anafika pansi ndi matako, pambali pa matiresi, pa simenti yeniyeni.

"Mayo! Msana wanga! Mwandipha, anthu inu!"

"Malemu sankalankhula zonsezo," anatero mayiyo akupuma mwamphamvu. "Mawu amodzi okha."

Palibe anaseka kupatula Jenerale. Wamawigi anali ataima pakati pa balaza opanda nsapato, akubweza wigi, pansi pake pakuoneka imvi zochepa zomangidwa timfundo. Mafunso anaimirira, n'kupita kukaima patsogolo pake. Sanali wokwiya. Ankangofuna kudziwa, monga mwa masiku onse.

"Agogo, inu simunabwereko bwanji kudzathandiza?"

Dzanja la Wamawigi linaima m'mutu.

"Wati chiyani?"

"Ndati simunabwereko bwanji..."

"Ayi, poyambapo. Wanditchula kuti chiyani?"

"Agogo."

"Agogo? Ndani? Ine?" Anayang'ana alendo mmodzimmodzi, ngati wina amuteteza. Za takisi sizinamupweteke. Za nsalu ya maluwa sizinamupweteke. Ichi ndiye chinamulasa. "Iwe mwana, tandiyang'ana bwinobwino. Ukuona agogo apa? Kwathu kuja unkati mayi, lero pagulu ukuti agogo? Ndakulakwira chiyani? Agogo ako ndi awo, a mabeseniwo. Ine uziti anti. Wamva? Anti!"

Analanda chipewa pamutu pa Jenerale, anatola nsapato, n'kutuluka nazo m'manja. Fungo lake linatsalira pang'ono, kenako matiresi analigonjetsa.

Alendo anakumbukira onse nthawi imodzi kuti ali ndi zochita. Bambo wa kabudula anati phunziro linali lamphamvu. Mayi wodana ndi shuga anakoka ana ake, matumba awo atatupa ndi mabisiketi.

Mafunso anayang'ana kukhomo, anayang'ana agogo ake, n'kukweza mapewa.

"Ndiye kuti agogo ndinu nokha basi."

Anabwera n'kukulunga manja m'chiuno mwa mayiyo, mutu pamimba, phala la m'zala zake likupakika pa bulauzi. Mayiyo anaika dzanja pamutu pa mwanayo. Sanamukankhe. Akanamukankha bwanji?

"Mwaona, amayi," anatero Pulofesa ali pansi, akuyesa kumasula lamba ndi dzanja limodzi. "Choonadi chadziwika chokha. Mwapambana. Tsono tandimasulani."

Sanamumasule. Anaima pomwepo, mwana ali m'chiuno, beseni lili kumapazi, ndipo moto umene unkayenera kuzima unayaka kuposa poyamba. Iye anakoka matiresi, anaulula manyazi a nyumba yake pamaso pa anthu a makabudula, anathyola msana kachiwiri, kuti mwanayo aone yekha n'kusankha. Mwanayo sanasankhe. Mkazi uja anangovula dzinalo n'kuliponya pakhonde, mmene anaponyera mwamuna atatha ntchito. Chokoma adya, chikalemera abweza kwa a mabeseni. Ndipo a mabeseniwo alandira, kawiri konse, ndi manja awiri, chifukwa alibe mtima wosiya chinthu chawo pakhonde.

Namwino akuti amayi iwalani, zatha bwino. Pulofesa akuti nkhaniyi ili ndi mbali zambiri, ndipo akuyenda chopendama. Mwana akugona mwamtendere, mwendo uli pa agogo ake.

Ndiye watsala ndinu, amene mwamva zonse mutakhala phee ngati alendo aja. Mayiyu sakufuna kumupepesa, ndipo mukamuuza kuti Mulungu ndiye adziwa akuponyerani beseni. Akufunsa chinthu chimodzi. Mkazi uja akanamwetulira n'kuvomera kuti inde mwanawe, ndine agogo ako, mwanayu akanakhala wa ndani lero? Musayang'ane pansi. Muyankheni.